Chaka Chimene Mkaka Wanga Unabisala

Chizindikiro choyamba chinali thewera. Ndinalimasula m'mawa, n'kupeza lili gwaa, louma ngati ndangolianula kumene. Ndinati mwina apongozi amusintha mwanayu ine ndisanadzuke. Ndinasuzumira pachingwe, panalibe thewera lochapa. Ndinagwira paliwombo, chala chinalowa m'kadzenje. Iwe Limbani, mwana ameneyo unali iweyo, uli ndi miyezi inayi, ndipo unkalira kulira kopanda misozi.

Ndikulemba izi kuti inu ana anga awiri, Tadala ndi Limbani, mudziwe chifukwa chake munakulira pafamu ya ng'ombe osati kumudzi kwa abambo anu. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, ndiye pamene ndalakwitsa muwerenge mondikhululukira. Koma ndiyambire kuntchito, poti popanda ng'ombe nkhaniyi singamveke.

Matipate atangobwera: ntchito yoyamba

Ine kwathu ndi ku Kabudula, koma ndinapita kuchitengwa, kumudzi kwa abambo anu, pakati pa Msundwe ndi Namitete. Nthawi imeneyo anthu wamba anali atangololedwa kulima fodya wa bale, ndiye amuna onse mitima inali kuzigafa. Abambo anu nawonso. Pafamu ina ya ng'ombe za mkaka, cha ku Namitete, anyamata okama anathawa ntchito kukalima fodya, ndipo eni famu anayamba kulemba akazi. Ndinapita ndili ndi mantha, poti kwathu mkazi sayandikira khola. Ndinalembedwa tsiku lomwelo. Pamoyo wanga ndakama ng'ombe pamafamu atatu, ku Namitete, ku Mpingu, ndi komaliza ku Nambuma kumene ndinapumira zala zitayamba kuuma. Ndaona mabwana aukali ndi mabwana oledzera. Ndaona chaka cha njala, pamene gaga wa ng'ombe tinkamubisa chifukwa anthu ankamufuna kuti adye okha, ifenso tinkamuyang'ana ndi diso lomwelo. Koma zonse zimene ndikudziwa ndinaphunzira pafamu yoyamba ija.

Kapitawo wathu anali a Chagunda, bambo wamfupi, wa dazi, wosatha kukhala chete. Tsiku loyamba anandipatsa ndowa ndi kampando, n'kundilozera ng'ombe ina yakuda ya mawanga oyera, dzina lake Dona. Ndinakhala pansi, ndinagwira, ndinakoka. Palibe chotuluka. Ndinakokanso mwamphamvu, Dona anangoponya mwendo, ndowa uko, ine uko.

"Nambewe," anatero a Chagunda akupukuta misozi ya kuseka, "kodi mukuti umenewo ndi mjigo? Mwafika, moni osapereka, basi kugwira mawere a eni ake. Inuyo atakuchitani choncho mungamve bwanji?"

Anandikhazika pambali kuti ndizipenya. Anayamba ndi likhweru, kanyimbo kamodzi komweko kamene ankaimba m'mawa uliwonse ndi madzulo aliwonse, kopanda mawu, kokwera pang'ono n'kutsika. Anathira gaga m'chodyera. Anabweretsa thole la Dona, kamwana kake, n'kuliimika kumutu kuti alinunkhize. Kenako anaviika kansalu m'madzi ofunda, n'kupukuta bere pang'onopang'ono. Anadikira. Ine ndikupenya ndithu, ndinaona nsonga za bere zija, zimene zinali zofota, zikudzaza zokha n'kuima njo, ina mpaka kuyamba kudontha asanaigwire.

"Watsitsa," anatero monong'ona. "Tsopano fulumirani, poti sachedwa kutseka. Koma wina akangokuwa pano, kapena galu kudutsa, abisa wonse. Mungakoke mpaka dzuwa kulowa."

Manijala wathu anali a Msiska, ochokera kumpoto, ophunzira za ziweto, aatali, osaseka. Malamulo awo a m'khola anali atatu: osakuwa, osamenya ng'ombe, osalowa ndi mwana. Mnyamata wina anamenya ng'ombe ndi ndowa, tsiku lomwelo anamuuza kuti avule majombo azipita. Ine ndinkawaopa kwambiri.

Chinthu china chimene ndinaona chaka chimenecho sindidzaiwala. Thole la Dona linafa ndi matenda otsekula. Dona anakana mkaka. Bere lili tho, lotupa, koma ukakama kungotuluka timadontho. Tsiku lachiwiri a Chagunda anatenga chikopa cha thole lija, anachisoka, anaikamo udzu wouma, n'kuwaza mchere pamsana pake. Ife akazi tinaseka, wina anati awa ayamba ufiti masana. Anakachiimika kumutu kwa Dona. Dona ananunkhiza, anapumira m'mwamba, anayamba kunyambita. Likhweru lija linayamba. Mkaka unatsika ngati mvula. Ine kuseka kunatha, misozi inalengeza, poti nthawi imeneyo iwe Tadala unali wakhanda ndipo ndinali nditakusiya kumudzi.

Dzinja la chaka chimene Limbani anabadwa

Limbani atabadwa ndinapuma pang'ono n'kubwerera kuntchito. Ndinkamuyamwitsa m'mamawa, n'kumusiya ndi apongozi anga a Nankhoma, agogo anu. Tikatha kukama ndinkathamangira kumudzi kukayamwitsa, n'kubwereranso kukakama madzulo. Mkaka ndinali nawo wambiri, mpaka anzanga ankandiseka kuti nanenso andiike pamzere wa Dona.

Mvula itakhazikika, kolera inalowa m'mudzi mwathu. Tonse tinkatunga pachitsime chimodzi cha kudambo. Anayamba ndi bambo wina woyandikana nafe, m'mawa ali bwino, madzulo maliro. Kenako iwe Tadala, uli ndi zaka zitatu. Unayamba kutsekula madzi oyera ngati otsukira mpunga, maso kulowa m'kati ine ndikupenya. Abambo anu anatikweza panjinga, Limbani kumbuyo kwanga, Tadala pamiyendo. Titafika kuchipatala tinapeza akhoma matenti panja, azungulira ndi chingwe. Anesi anatiimitsa pachingwepo.

"Mayi, wakhandayo salowa muno. Mukalowa naye, mutuluka wopanda."

"Nanga ayamwa chiyani?"

"Asiyeni abambowa alowe ndi wodwalayu."

Koma Tadala unandigwira nsalu, ukulira kuti amayi, amayi, mawu osamveka n'komwe. Ndinaona kuti mwana ameneyu akupita. Ndinamasula Limbani, ndinapereka kwa abambo anu, ndinalowa. Za m'tentimo sindilemba zambiri. Mabedi obowola pakati, ndowa pansi, fungo la mankhwala, diripi ikudontha, anthu akutulutsidwa atafunditsidwa kumutu. Ine maso pachifuwa cha Tadala, kuona ngati chikukwera n'kutsika. Mawere anatupa, kuuma ngati miyala, kuwawa mpaka m'khwapa. Nesi wina anandiuza kuti ndizifinya. Ndinkafinya kuseri kwa tenti, koma kunkangotuluka timadontho. Kenako kutupa kunatha kokha, mawere anafota. Sabata isanathe Tadala unapempha phala, anatitulutsa.

Ndinafika kumudzi ndikuthamanga. Ndinasamba ndi sopo monga anatiuzira, ndinasintha zovala, n'kutambasula manja kuti ndilandire mwana wanga. Apongozi anabwerera naye m'mbuyo.

"Iyayi, Nambewe. Bere limenelo musamupatse."

"Bwanji kodi, amayi?"

"Mwagona masiku angati osayamwitsa? Mkaka umenewo wasasa. Ndiponso mwachokera pakati pa mitembo. Mukufuna mwanayu atsekule afe? Bere likagonera, latha. Ife tonse tikudziwa zimenezo."

Ndisawanamizire agogo anu. Sanali munthu woipa. Anabereka ana asanu ndi atatu, anaika m'manda anayi, ndipo mmodzi mwa iwo anamwalira atayamwa iwo atachokera kumaliro a kutali. Kuyambira pamenepo palibe akanawauza zina. Masiku onse amene ine kunalibe sanagone, ankamumwetsa Limbani timadzi tapamwamba pa phala ndi kasupuni. Koma ndinaona ndi maso anga kuti timadzi tija tikatentha ankatiziziritsa ndi madzi a mumtsuko. Ndipo madzi a mumtsuko anali a chitsime chomwe chija.

Ndinayesa mobisa. Apongozi akapita kuseri, ine msangamsanga kumuika kubere, khutu lili kukhomo. Limbani ankagwira, kukoka kawiri katatu, n'kulavula, n'kuyamba kukuwa. Ndikafinya, palibe. Apongozi anandipeza tsiku lachiwiri. Sanakalipe. Anangoti, "Mwaona? Ngakhale mwanayo akukana. Bere lauma limenelo, mwana wanga." Ndipo ine ndinayamba kukhulupirira. M'mawa wotsatira ndi umene ndinapeza thewera louma lija.

Ndinakhala pakhonde mwana ali m'manja. Ndikamusiya pa timadzi ta phala, chitsime chimutenga. Ndikamuika kubere, mulibe kanthu. Ndili chikhalire choncho, sindikudziwa kuti zinabwera bwanji, ndinakumbukira Dona ndi chikopa chija. Dona naye tinkati wauma. Sanaume. Anabisa.

Ndinabereka Limbani, ndinagwira Tadala padzanja, ndinapita kumunda. Abambo anu anali m'fodya, akudula mitu ya fodya kuti asachite maluwa, manja ali bii ndi phula.

"Abambo a Tadala, tiperekezeni kufamu. Ine ndi anawa tikakhala konko."

"Aa! Amayi mwawauza?"

"Sindinawauze. Akana."

"Nanga anthu adzati chiyani? Mtengwa kuchoka pamudzi ngati wathamangitsidwa?"

Ndinangotenga dzanja lawo lakudalo n'kuliika paliwombo pa mwana. Anayang'ana fodya wawo, anayang'ana kumudzi. Kenako anapukuta manja m'thalauza n'kunena kuti, "Dikirani pamsewu. Ndikatenge njinga. Amayi ndikalankhula nawo ndine."

Tinadzera kuchipatala. Nesi yemwe uja wondiuza zofinya anamuyeza Limbani, anamumwetsa madzi a mchere ndi shuga pang'onopang'ono mpaka anakodza, ine ndinalira poona thewera lanyowa. Anandiuza kuti mkaka wa m'bere susasa, ngakhale ugonere. Anati ndizimuika kubere kawirikawiri ngakhale musatuluke kanthu, ndipo podikira anandionetsa kasakanizidwe ka mkaka wa ng'ombe wowiritsa ndi madzi owiritsa, womwetsa ndi kakapu. Ndinavomera zonse, koma mumtima ndinkati awa akungonditonthoza.

Sabata ya kufamu

Tinafika pafamu dzuwa litapendeka. A Msiska anali pakhomo pa ofesi, akutsuka majombo. Ndinagwada patali. Mawu ankatuluka modukaduka, ndinayamba ndi chitsime, ndinalumphira ku tenti, ndinabwerera ku thewera. Abambo anu anaima pambali atagwira njinga, chipewa m'manja.

"Imani, imani," anatero a Msiska. "Mukufuna chiyani kwenikweni?"

"Kanyumba kaja kosungira gaga, bwana. Ndi madzi a pamjigo wa famu. Mpaka mvula ithe."

"China?"

"Mwanayu ndizilowa naye m'khola. Ndilibe womusiyira, ndipo anesi ati asachoke pathupi panga."

"Lamulo mukulidziwa."

"Ndikulidziwa, bwana."

"Akalira, ng'ombe zanga zibisa mkaka. Ndiye ndikauze chiyani eni famu?"

Ndinangoti, "Nanenso wanga wabisala, bwana. Kapena wauma, sindikudziwa."

A Msiska anasiya jombo lija. Aka kanali koyamba kuwaona akukhala pansi polankhula ndi wantchito. Anakhala pasitepe.

"Mayi, mwakama ng'ombe zaka zingati, osadziwa chimene mumachita? Tamverani. Mukamapukuta bere la Dona ndi kansalu kofunda, khungu limamva. Mitsempha imanyamula uthenga umenewo, liwiro lake ngati waya wa magetsi, mpaka ku ubongo. Ubongo ukalandira, umatulutsa timadzi tina, ife timati mahomoni, n'kutithira m'magazi. Timeneto timayenda ndi magazi mpaka kubere, n'kukafinya timatumba ta mkaka m'katimo. N'chifukwa chake mumadikira kaye pang'ono, magazi sathamanga ngati mitsempha. Likhweru la a Chagunda, fungo la thole, zonsezo zimalowera ku ubongo komweko. Koma ng'ombe ikaopa, thupi limatulutsa timadzi tina, ta kuthawa. Mtima umathamanga, magazi amapita kumiyendo, njira ya kubere imatsekeka. Mkaka ulimo, koma uthenga sukufika. Inuyo mwakhala mukuopa kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku limene Tadala anadwala."

"Ndiye mukudabwa chiyani? Munthu ndi ng'ombe pamenepa n'chimodzimodzi. Wachepa, inde, poti bere likapanda kuyamwidwa ubongo umati mwana kulibe, n'kuchepetsa kupanga. Koma akamayamwa, uthenga uyambiranso."

Abambo anu anatsokomola. "Bwana, pepani. Kodi zimenezi zili ngati fodya eti? Poti fodya akakhala ndi mutu wake, mphukira za m'mbali zimagona. Ukangodula mutu, sabata yomweyo zonse zadzuka. Ine ndimadabwa kuti zimamva bwanji kuti kumwamba kwadulidwa."

A Msiska anatsala pang'ono kumwetulira. "Fodya alibe mitsempha, koma timadzi ta uthenga ali nato. Nsonga imatumiza timadzi take kutsika m'thunthu, touza mphukira kuti zigone. Mukadula, uthenga umaleka, zimadzuka. Chamoyo chilichonse ziwalo zake zimauzana." Anaimirira n'kutenga jombo lawo. "Sabata imodzi. Muzikama Dona yekha, kumapeto kwa mzere. Mwana akayamba kulira, tulukani naye msanga. Mkaka wa ng'ombe zanga ukachepa, mubwerera kwanu."

Sabata imeneyo inali yaitali kuposa chaka. Tinasesa kanyumba ka gaga, makoswe akutiyang'ana. Abambo anu anabwerera kufodya, ankabwera madzulo ndi ufa ndi nkhuni. Ndinkawiritsa madzi, kuwiritsa kakapu, kuwiritsa mkaka, kumwetsa Limbani pang'onopang'ono, kenako kumuika kubere. Ankayamwa pang'ono n'kukwiya. Ine ndikamuika, mutu wonse uli pa funso limodzi, utuluka kodi, utuluka kodi? Ndinkamvetsera thupi langa ngati munthu womvetsera wakuba panja. Ndipo ndikamvetsera choncho, mtima unkayamba kuthamanga, pakamwa kuuma, basi palibe. A Msiska anandiuza kuti ndisaope, koma mantha sauzidwa. M'khola namonso ndinali maso kumwana, maso kukhomo. Limbani akangoti ng'ee, ine ndatuluka kale, ndowa ndasiya. Dona anayamba kundibisira, poti ankamva manja anga akunjenjemera.

Tsiku lina madzulo, sabata ikupita kumapeto, a Chagunda anabwera kudzaima pambali panga.

"Nambewe, ng'ombe ziwiri zamantha pakona imodzi, ine sindingakwanitse. Imodzi iyambe yakhazikika."

"A Chagunda, musandiseke. Mwana wanga akufa."

"Akufa kuti? Taonani mmene akundiyang'anira dazi langali. Ameneyu akufuna kudziwa ngati ndi dzungu." Anatembenukira kwa mwana. "Iwe, si dzungu ili, wamva? Amako akakupatsa chakudya usiye kusirira mitu ya anthu."

Ndinaseka. Sindinafune, koma ndinaseka, koyamba chidwalire Tadala. A Chagunda anati ndichotse mwana kumbuyo ndimumangirire kutsogolo, m'kati mwa bulauzi, khungu kukhungu. Anati, "Za mkaka wanu iwalani, si ntchito yanu lero. Ntchito yanu ndi Dona. Tsamirani mutu pamimba pake ngati kale, mukame basi. Kukhomo ndiyang'anako ndine."

Mvula inali ikuwaza pamalata. M'khola munali kutentha kwa ng'ombe, fungo la gaga ndi ndowe ndi nsenjere zodula kumene. Ndinatsamira chipumi pamimba pa Dona, ndinamva m'mimba mwake mukugubuduka pang'onopang'ono. Ndinapukuta bere ndi kansalu kofunda. A Chagunda anayamba likhweru lawo lija, lokwera pang'ono n'kutsika, limene ndinali nditalimva m'mawa ndi madzulo zaka zonsezo. Dona anapumira m'mwamba, anatsitsa. Ndinayamba kukama, tsoo, tsoo, tsoo m'ndowa, manja akudziyendera okha. Pachifuwa panga kamutu ka Limbani kankanunkhira thukuta la mwana, kakamwa kake kakufunafuna. Ndinali ndisakuganiza kanthu. Ndinatopa nako kuganiza.

Ndiye ndinamva. Kunyerenyetsa, ngati tinyerere tikuyenda kuchokera m'khwapa kutsikira kunsonga, mbali zonse ziwiri. Ndinakudziwa kumva kumeneko. Ndinaopa ngakhale kupuma. Limbani anagwira bere, anakoka, ndipo m'malo molavula ndinamva kakhosi kake, gu, gu, gu. Akumeza. Mbali inayo bulauzi inayamba kunyowa.

"A Chagunda," ndinanong'ona, poti m'khola sakuwa. "A Chagunda, watsika."

Sanasiye likhweru. Anangondiyang'ana, anagwedeza dazi lawo, n'kupitiriza mpaka nyimbo inatha. Kenako anati, "Nanga Dona mwamusiyiranji? Malizani, asanatseke. Winayo akudzikama yekha."

Ndinamaliza kukama misozi ikugwera m'ndowa. Nditatukula mutu ndinaona a Msiska ataima pakhomo la khola, sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Anabwera, anasuzumira m'ndowa ya Dona, anasuzumira kamwana kali m'bulauzi, n'kunena kuti, "Mkaka umenewo musefe kawiri, mwathiramo mchere." Anatuluka. Za sabata imodzi ija sanazitchulenso.

Sunabwere wonse tsiku limodzi ayi. Masiku oyamba unkatsika m'khola mokha, likhweru likamalira, mpaka anzanga ankati a Chagunda azilandira malipiro awiri. Ndinkapitiriza kakapu, koma tsiku lililonse Limbani ankasiya wambiri m'kapu. Matewera anayamba kundichulukira pachingwe, ndipo sindinakondwerepo ndi kuchapa ngati masiku amenewo. Liwombo linadzaza. Mwezi usanathe kakapu ndinakapachika.

Mvula itatha

Kumudzi kolera inatenga anthu ena, pakati pawo ana awiri a msinkhu wa Limbani. Apongozi sanandilankhule dzinja lonse. Abambo anu ankangoti, "Akadali okwiya, koma amafunsa." Fodya atalowa m'chigafa, tsiku lina Loweruka ndinaona munthu akubwera ndi ndodo m'njira ya famu, kamtolo pamutu. Anali iwo, wapansi ulendo wonsewo. Ndinayala mphasa, ndinagwada, tinapatsana moni wautali. Anatula kamtolo, munali mtedza ndi maungu awiri.

"Tabwera nayeni kuno."

Ndinawapatsa. Anamukweza m'mwamba, anamutsitsa, anamukwezanso, ngati akuyesa thumba. Anamutsina ntchafu. Anagwira paliwombo. Limbani anawagwira mphuno.

"Akudya chiyani?"

"Bere lokha, amayi."

"Lomwe lija?"

"Lomwe lija."

Anamusisita kumsana. Ndinadziwa kuti sakuganiza za Limbani, akuganiza za mwana wawo uja anamwalira atayamwa. Kenako anapempha madzi akumwa. Ndinatunga mumtsuko wanga wovundikira, ndi kapu yake yapadera yomangirira chingwe. Anamwa, anakwinya nkhope.

"Madzi anuwa akununkha utsi."

"Ndi owiritsa, amayi."

"Hmm." Anamwanso, mpaka kapu yonse. "Nkhuni zake zimatha zambiri eti?"

"Zimatha ndithu."

"Mundionetse mmene mumachitira, ndisanapite."

Anagona masiku awiri m'kanyumba ka gaga, ndipo m'mawa anapita kukaima pakhomo la khola kuti aone ng'ombe imene amva mbiri yake. Anandipempha kuti tibwerere kumudzi. Ndinawayankha mwaulemu, nditagwada, kuti ndidzabwera kudzalima, kudzalira maliro ndi kudzavina maukwati, koma ana anga adzagona kumene kuli mjigo mpaka mudzi udzakhale ndi wake. Sanakondwe, koma sanakane. Abambo anu anamanga kanyumba kena pafupi ndi ka gaga kaja, ndipo ankapalasa njinga kupita kufodya m'mawa uliwonse. Mjigo unadzafika kumudzi inu mutayamba kale sukulu.

Zimene ndinachita n'zomwezo, ana anga, si zambiri. Ndinakuchotsani pafupi ndi chitsime. Ndinawiritsa dontho lililonse limene linalowa m'kamwa mwanu. Limbani ndinamuyamwitsa mpaka anayamba kuthamangitsa matole, ndipo tsiku lililonse ndisanamuike kubere ndinkayamba ndakhala pansi, kutsamira khoma, n'kudziimbira ndekha likhweru la a Chagunda, ngakhale kuti mkazi woimba likhweru anthu ankamuseka. Iwe Tadala, mwezi watha unandiimbira foni ukulira kuti mkaka wako sukutuluka ndipo mwana akukana bere. Ndinakuuza kuti upite kuchipatala, unapita, anakuuza zomwe anandiuza ine. Koma unadabwa kuti usanadule foni ndinati khala pansi, tsamira khoma, muike mwanayo m'kati mwa bulauzi, ndipo ine mayi ako, nkhalamba ya mano ochepa, ndinayamba kukuimbira likhweru. Unaseka, unati amayi mwapenga kodi. Ndinamva kuseka kwakoko ndipo sindinasiye kuimba, poti ndinadziwa chimene chikubwera.